Funsani Mmisiri: Selo Imodzi Ikazimitsa Tchaja Batire Isanadzaze

FUNSO: Amisiri, ndili ndi Volkswagen Beetle yakale yomwe tinaichotsa injini ya petulo n'kuikamo mota ya magetsi. Batire yake ndi ya maselo 45 a lithium a mtundu wa LiFePO4, iliyonse ya 100 Ah, onse pamodzi 144 V. Maselo 21 ali m'bokosi lakutsogolo, 24 ali kuseri kwa mpando wakumbuyo. Kwa zaka ziwiri sinandivutepo. Koma tsopano ndikaiika pa tchaja, BMS, chipangizo choyang'anira ndi kuteteza maselo a batire, imazimitsa tchajayo volteji ikangofika 152 V, chonsecho inatcheredwa kuti izifika 160 V. Ndikayang'ana pa kompyuta ndimapeza selo nambala 17 ili pa 3.65 V pomwe anzake ali cha m'ma 3.38 V. Mtunda womwe ndinkayenda ndikatchaja kamodzi nawonso wachepa. Mnzanga wina akuti ndingokweza malire a BMS afike 3.9 V, wina akuti selo 17 yafa, ndigule ina. Ndimvere uti?

Wowerenga wodandaula

YANKHO: Achimwene, onse awiriwo aimikeni kaye, koma woyambayo ndiye musamumvere n'komwe. BMS yanu ikugwira ntchito yomwe munaigulira. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwachita bwino kulemba manambala, tiyeni tiwawerengere limodzi. Maselo 44 a 3.38 V akupanga 148.7 V. Onjezanipo 3.65 V ya selo 17, mupeza 152.4 V. Tchaja yanu siona maselo, imangoona chiwerengero chonsechi, ndipo kwa iyo kwatsalabe mavolti oposa 7 oti ithire. Mukailola kupitiriza, mavolti amenewo sagawidwa mofanana ayi. Maselo 44 aja azikwera pang'onopang'ono, koma selo yodzaza kaleyo ithamanga, ndipo isanapite nthawi yaitali ikhala itadutsa 4 V. Ambirife tinakulira pa batire ya asidi. Ija ukaitchaja mopitirira, selo yodzaza imangowira, madzi n'kumasanduka mpweya, anzake n'kuipeza; pambuyo pake uthiramo madzi, yabwerera. Lithium ilibe potayira zotsala ngati pamenepo. Mukaiumiriza, madzi a m'kati mwake amawonongeka, mpweya umadzaza m'selo yotsekeka, selo n'kutupa, ndipo chomwe chawonongekacho sichikonzekanso.

Tsono mnzanu wachiwiriyo. Akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma manambala omwe muli nawowa sakukwanira kuti tiigamule selo 17. Chifukwa chake ndi khalidwe la LiFePO4. Taganizirani botolo lamimba yaikulu ndi khosi lopyapyala. Mukamathiramo madzi, m'mimbamo amakwera mochedwa, koma akangofika m'khosi amadumpha ndi madontho ochepa chabe. Selo ya LiFePO4 imatero ndithu. Kuyambira ili ndi moto wochepa mpaka itatsala pang'ono kudzaza, volteji yake imangozungulira pakati pa 3.2 V ndi 3.35 V. Ikadutsa 3.45 V yalowa m'khosi. Choncho kusiyana kwa 0.27 V komwe kukukuopsaniku kungakhale kusiyana kwa 2 Ah kapena 3 Ah zokha pa selo ya 100 Ah. Mbali inanso ya nkhaniyi ndi yakuti batire ikakhala pakatikati, maselo onse amaoneka ofanana ngakhale atasiyana kwambiri. Munthu akakuuzani kuti wayeza maselo ake ali pa theka n'kupeza onse ali 3.29 V, sanakuuzeni kanthu.

M'batire yanu maselo analumikizidwa mondondozana, ndiye magetsi omwe alowa m'selo yoyamba ndi omwewonso alowa m'selo ya 45. Botolo limodzi likasefukira anzake asanadzaze, mwina linayamba lili ndi madzi ambiri kuposa anzake, mwina ndi laling'ono kuposa anzake, mwinanso silinadzaze n'komwe, wakunamizani ndi woyeza. Mankhwala a zitatuzi ndi osiyana, ndipo chimodzi chokha n'chomwe chimafuna selo yatsopano.

Musanakhudze chilichonse, mundimvetse apa. Magetsi a DC a 150 V amapha munthu. Vulani mphete, wotchi ndi tcheni cha m'khosi. Valani magolovesi a amisiri a magetsi, olembedwa Class 0, omwe amapirira mpaka 1,000 V, ndi magalasi oteteza maso. Sipanala ikhale yokutidwa, chifukwa ngakhale selo imodzi yokha ya 3.3 V, sipanala ikagwera pamitu yake iwiri, imatulutsa maampeya mazanamazana, chitsulo n'kusungunuka m'manja mwanu. Mukafuna kumasula bawuti iliyonse, yambani mwazula chodulira batire pakati, kenako zulani pulagi ya mawaya a BMS. Mukamasula busbar (kachitsulo kolumikiza selo ndi inzake) mawayawo adakali olumikizidwa, volteji yaikulu imafuna njira kudzera m'BMS, n'kuiotcha.

Yambani ndi woyeza, poti kumeneko sikufuna kugula kanthu. Tchaja ikugwira ntchito, ikani multimeter yanu pamitu yeniyeni ya selo 17, osati pa busbar kapena pamutu pa bawuti. Ngati multimeter ikuti 3.40 V pomwe BMS ikuti 3.65 V, seloyo ilibe mlandu. Yang'ananinso maselo 16 ndi 18 pa kompyutapo. Waya umodzi wa BMS umatumikira maselo awiri oyandikana, ndiye ukamasuka kapena kuduka m'kati, kawirikawiri selo imodzi imaoneka yokwera, yoyandikana nayo n'kuoneka yotsika ndi mlingo wofanana. Mukaona awiriawiri otere, funani waya, musafune selo.

Kenako penyetsetsani zomwe zimachitika pa sekondi yomwe tchaja yazima. Selo yodzazadi imatsika mofatsa, mphindi ndi mphindi, kuchoka pa 3.65 V kulowera cha ku 3.4 V. Koma ngati nambalayo ikugwa nthawi yomweyo n'kufanana ndi anzake, volteji yoonjezerayo sinali m'selo, inali pamfundo yomwe sinagwirane bwino. Masamu ake ndi osavuta. Tchaja ikamathira 15 A kudutsa pamfundo ya 10 milliohm, pamatayika 0.15 V, ndipo BMS imaiwerengera selo yosalakwayo. Mfundo yomweyo, mukaponda moto pachitunda mota n'kukoka 200 A, pamatayika 2 V, kutanthauza kutentha kwa 400 W pabawuti imodzi.

Izi ndinaziona ndi maso anga ndipo zimandiwawabe. Anandibweretsera galimoto ya maselo 36, selo yachisanu ndi chinayi ikuchita ndendende ngati yanuyi. Ndinakhulupirira kompyuta, n'kumuuza mwini wake kuti aitanitse selo ina. Munthuyo anakhala milungu ingapo osayendetsa galimoto yake, kudikira katundu. Tsiku lomwe ndinati ndichotse selo yakaleyo, bawuti inazungulira ndi zala zokha, sipanala ndisanaikepo. Nditanyamula busbar ndinapeza pamutu pa selo pali kaufa kotuwa, washala itada ndi kutentha, pulasitiki yozungulira mutuwo itachita bulawuni, fungo lopserera lili guu. Mutu wa aluminiyamu umachita kachikutu kosaoneka bwino komwe sikapititsa magetsi, ndipo bawuti ikamasuka ndi kugwedezeka kwa pamsewu, mfundoyo imaipiraipira. Seloyo nditaiyesa payokha inatulutsa pafupifupi mphamvu zake zonse. Ndinamupepesa bamboyo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindigamula selo ndisanaone mitu yake.

Mukapeza zoterozo, pukutani mutu wa selo ndi busbar mpaka ziwale, pakanipo pang'ono mafuta oletsa dzimbiri pa aluminiyamu, ikani washala yogwira, n'kumanga ndi torque wrench pa mlingo womwe wopanga maselowo analemba. Musakoke ndi mphamvu zanu zonse, chifukwa mazinga a m'mutu wa aluminiyamu amalala msanga. Poti mwatsegula kale, yesani mabawuti onse 90. Njira yachangu yopezera mfundo zina zodwala ndi kutchera multimeter pa millivolt, tchaja ikugwira ntchito, n'kumayeza pakati pa mutu wa selo ndi busbar yake, mfundo ndi mfundo. Yomwe ipose anzake kutalitali ndiyo yofunika kumasula.

Tinene kuti zonsezi zili bwino, multimeter ikuvomereza kuti selo 17 ikufikadi 3.65 V ndipo ikutsika mofatsa. Apa ndiye pali funso lomwe limalekanitsa zonse: kodi selo 17 imatani batire ikatsala pang'ono kutha? Inu mwaiona kumwamba kokha. Muioneninso kunsi.

Tchajani mpaka BMS izime monga mwa masiku onse. Yendetsani galimoto mozungulira pafupi ndi pomwe mumatchajira, kompyuta ili yotsegula, wina akukuonerani manambala inu maso ali pamsewu. Pitirizani mofatsa mpaka selo yoyamba itayamba kugwera cha ku 3.0 V, ndipo musalole iliyonse kutsika kudutsa 2.8 V. Imani, dikirani ola lathunthu, kenako lembani volteji ya maselo onse 45 papepala. Ngati yomwe yayamba kugwa ndi 17 yomweyo, ndiye kuti ndi botolo laling'ono: imadzaza msanga, imathanso msanga. Yatha mphamvu, ndipo kuilinganiza ndi anzake sikungaikulitse. Galimoto yonse imayenda mtunda womwe selo yofooka kwambiri ikulola, ngakhale 44 enawo akhale atsopano. Koma ngati akugwa ndi ena, 17 ili pamwamba pa onse ngati mmene inalili potchaja, seloyo ndi yabwinobwino, yangotsogola. Mtunda wanu wachepa chifukwa 44 enawo sakupatsidwa mpata wodzaza. Pali khalidwe lachitatu: selo yomwe imakwera kuposa anzake potchaja, n'kutsika kuposa anzake mukaponda moto, koma ikapuma n'kufanana nawo. Mfundo zikakhala kuti mwazikonza kale, chimenecho ndi chizindikiro chakuti m'kati mwake mwayamba kuuma njira, ndipo masiku ake akuwerengeka.

Malinga ndi zomwe mwafotokoza, zaka ziwiri popanda vuto kenako n'kumaipira pang'onopang'ono, ine ndikuganizira kwambiri za kutsogola kapena mfundo. Mungafunse kuti nanga BMS bwanji sinalinganize yokha. BMS zambiri zomwe timaika m'magalimoto osinthidwa zimalinganiza potaya: selo ikakwera, ka resistor kakang'ono kamaiyamwa magetsi n'kuwasandutsa kutentha. Kamayamwa zochepa kwambiri, kawirikawiri pakati pa 50 mA ndi 200 mA. Selo yotsogola ndi 3 Ah, pa 100 mA, ifunika maola 30. Tsono ngati BMS imayamba kutaya pokhapokha selo ikafika m'khosi, tchaja n'kumathirabe 15 A, patangopita mphindi zochepa n'kuzima, ndiye kuti usiku uliwonse ka resistor kaja kamagwira ntchito mphindi zisanu zokha. Sikangapeze. Onani ngati tchaja yanu imamvana ndi BMS kudzera pa mawaya olankhulirana otchedwa CAN. Ikatero, itchereni kuti selo yoyamba ikafika 3.45 V, magetsi atsike kufika 1 A kapena kucheperapo, ikhale ikudontheza choncho kwa maola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zingatenge mausiku angapo.

Papepala lanu lija muyang'anenso ngati kusiyanaku kuli ndi dongosolo. Maselo otentha amataya magetsi okha msanga kuposa ozizira. Mu Beetle mota ndi controller zimakhala kumbuyo, ndiye sindingadabwe mutapeza bokosi lonse lakumbuyo lili pansi pang'ono poyerekeza ndi lakutsogolo. Mukapeza maselo anayi oyandikana ali pansi, fufuzani ngati wina sanaberepo 12 V ya wailesi kapena ya magetsi ounikira. Anthu amachita zimenezi poona kuti maselo anayi a LiFePO4 amapanga 12.8 V, koma kutero kumasokoneza batire yonse. 12 V izichokera pa DC-DC converter, chipangizo chotsitsa volteji, yomwe imakoka pa batire yonse mofanana. Ikakhala 17 yokha yokwera, mwina ka resistor kake m'BMS kanafa, kapena seloyo inaikidwa mochedwa itadzaza kuposa anzake.

Ngati simukufuna kudikira mausiku, selo imodzi ingatsitsidwe ndi manja. Tengani resistor ya 1 ohm, ya 25 W, muimangirire pachitsulo choti iziziziritsa, n'kuilumikiza pamitu iwiri ya selo 17 ndi mawaya okhala ndi fyuzi. Ikoka pafupifupi 3.4 A, ndiye pa theka la ola mwachotsa 1.7 Ah. Chotsani, tchajaninso, muone. Musadabwe selo ina ikatulukira kuti tsopano ndiyo ikutsogola, muichite chimodzimodzi. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musachoke pamalopo resistor ili yolumikizidwa. Tcherani alamu pa foni. Mukaiiwala usiku wonse ndi tsiku lotsatira, mupeza selo yabwino ija itakhuthulidwa mpaka pansi, ndipo selo ya lithium yomwe yagonera pansi pa 2 V ine sindiibwezanso m'galimoto.

Kusiyana kukakhala kuti kwafalikira paliponse, njira yokhalitsa ndi kudzaza selo iliyonse payokha ndi power supply yotcheredwa pa 3.6 V, mpaka magetsi olowa atatsika kufika 2 A kapena 3 A. Volteji muitchere waya musanalumikize, ndipo mukalumikiza musaikhudzenso. Onetsetsaninso kuti mbali yotulutsa ya power supply yanu sinalumikizidwe ku earth. Ena amatsitsa batire yonse, n'kulumikiza mitu ya positive yonse pamodzi ndi ya negative yonse pamodzi, zomwe amisiri amati parallel, n'kudzaza onse ngati selo imodzi. Zimatheka bwino, bola muyambe mwaitchaja ili m'galimoto. Maselo anu onse pamodzi ndi 4,500 Ah. Mutati muyambire pa theka ndi power supply ya 10 A, mudikira masiku oposa 9.

Zonse zikatha, tsitsani tchaja yanu ichoke pa 160 V ifike pa 157.5 V, kutanthauza 3.5 V pa selo. Mphamvu zomwe zili pakati pa 3.5 V ndi 3.65 V n'zochepa zedi, simungazione n'komwe pa mtunda, koma mpata umenewo umapatsa selo yotsogola malo opumira. Ndipo ngati kuyeza kwa kunsi kutasonyeza kuti 17 yathadi, gulani ya mtundu ndi kukula komweko, ndipo musaiike mmene yabwerera. Maselo atsopano samabwera odzaza. Idzazeni payokha, batire nayonso idzazeni, kenako n'kuziphatikiza. Selo iliyonse yomwe mwaipeza yotupa, yonyowa pamwamba kapena yonunkha ngati mankhwala okoma fungo, ichotseni tsiku lomwelo osadikira kuyeza kulikonse.

FUNSO: Ine ndinagwiritsa ntchito ma module (timabokosi ta maselo) a Nissan Leaf yakale, omwe ndinawapeza kuchokera m'magalimoto awiri osiyana. Batire ikakhala pa theka, ena amasiyana ndi 60 mV. Kodi n'zodetsa nkhawa, kapena ndi zochepa poyerekeza ndi zomwe ena amadandaula?

Wowerenga wina

YANKHO: Pa maselo amenewo, 60 mV pa theka si zochepa, ndipo manambala onse omwe ndapereka pamwambapa musawatengere kwa inu. Maselo a Leaf si LiFePO4. Amakhala cha m'ma 3.7 V, malire ake akumwamba ndi 4.2 V, ndipo volteji yawo imakwera motsetsereka ulendo wonse, osati mimba ndi khosi. Ubwino wake ndi wakuti multimeter imakuuzani zoona nthawi iliyonse, ndipo BMS ingathe kulinganiza ngakhale batire isanadzaze. Kuipa kwake n'kwakuti akatchajidwa mopitirira sachedwa kugwira moto, mosiyana ndi LiFePO4. Ine ndimawaimitsa pa 4.1 V.

Chomwe ndikufuna muone lero ndi ichi. Batire ya 24 kWh ya Leaf yoyamba, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2010, ili ndi ma module 48, iliyonse yokhala ndi maselo anayi, awiriawiri mondondozana. N'chifukwa chake module ili ndi mitu itatu. Kamutu kakang'ono kapakati kaja si kokongoletsera. Ndaonapo anthu akungoyeza module yonse n'kupeza 8.0 V, mtima n'kukhala pansi, pomwe m'kati theka lina lili 4.3 V, lina 3.7 V. Waya wa BMS ufike pakamutu kapakati ka module iliyonse. Poti anuwa achokera m'magalimoto awiri, n'kutheka kuti anakalamba mosiyana. Lembani chizindikiro pa module iliyonse kuti mudziwe komwe inachokera, muwalinganize kamodzi ali odzaza, kenako muone ngati gulu limodzi likuyamba kugwa kunsi. Likatero, mtunda wanu uzilamulidwa ndi gulu limenelo, ndipo malire akunsi a BMS muwatchere poganizira ilo.

FUNSO: Bwanji osangogula active balancer, n'kuiwala zonsezi?

Wowerenga wachangu

YANKHO: Ndi kachipangizo kothandiza, sindikukana. M'malo motaya magetsi, kamawasamutsa kuchoka m'selo yokwera kupita m'yotsika, ndipo ambiri amasamutsa 1 A kapena kuposerapo, kuchulukitsa kangapo zomwe ka resistor kangachite. Koma pa LiFePO4 kazigwira ntchito pokhapokha maselo adutsa 3.4 V. Mukakasiya koyaka nthawi zonse, kamathamangitsa timamilivolti ta m'mimba mwa botolo, tomwe sitinena zoona, n'kusokoneza zomwe munalinganiza kumwamba.

Nkhawa yanga yaikulu ndi yakuti kamabisa selo yodwala. Selo yomwe ikudontha m'kati imatsalira mlungu uliwonse, balancer n'kumaidzazira mwakachetechete, inu osadziwa kanthu. Ngati selo imodzimodzi ndiyo imapezeka pansi nthawi zonse mukangolinganiza, ichotseni m'batire, muidzaze payokha pamodzi ndi ina yabwino yofanizira, musiye zonse ziwiri popanda waya uliwonse kwa milungu iwiri pamalo amodzi ozizira bwino. Kenako muzidzazenso, n'kuwerenga kuti iliyonse yamwa ma Ah angati. Yabwinoyo imwa zochepa kwambiri. Inayo ikamwa zoposa pamenepo kangapo, isabwererenso m'galimoto.